Thanki ya Magaloni Makumi Awiri

Kunyumba za okalamba kumene tinkasamukira anatiuza mosapsatira mawu kuti galu ayi, mphaka mmodzi yekha, ndipo thanki ya nsomba isapitirire magaloni makumi awiri. Mayi wa mu ofesiyo ananena izi akumwetulira ngati akutipatsa mphatso. Amuna anga, a Wendell, anangogwedeza mutu. Kunyumba kwathu ku Duluth, m'chipinda chapansi panthaka, anali ndi thanki yotalika ngati sofa, ndipo mmenemo ndi mmene ankakhala Bernice.

Bernice ndi nsomba yachikasu ya m'nyanja yamchere, mtundu umene amautcha tang. Anafika pakhomo pathu ali kakang'onong'ono, mwana wathu Gretchen asanakwatiwe, koma tsopano anali atafanana ndi chikhatho cha a Wendell. Ine ndinkamutcha mkazi mnzanga. M'mawa uliwonse bambowo ankatsika masitepe kapu ya khofi ili m'manja, n'kukamiza zala m'madzi atapanira ndere zouma, Bernice n'kumadyera pazala pomwepo. Ine zaka zonsezi sanandidyetsepo ndi dzanja, koma zimenezo tizisiye.

Sitiroko itawagwira a Wendell m'nyengo yozizira, mwendo wamanzere unayamba kukoka, masitepe aja n'kusanduka mdani. Gretchen anatipezera fulati yopanda masitepe kunyumba za okalamba kuja, ife n'kuvomera, poti tikanatani?

Thanki yatsopano tinaiika kufulatiko tisanasamuke, chifukwa madzi amchere safuna phuma. Umasungunula mchere, umathira mchenga, umasanja miyala yamoyo, ija ya m'nyanja yokhala ndi tizilombo toyeretsa madzi, kenako umadikira milungu kuti madzi akhwime. A Wendell anakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo, Gretchen manja ali m'madzi mpaka m'zigongono.

“Mwala umenewo kumbuyo. Ayi, kumbuyo, mwanawe! Hita yotenthetsa madziyo ibisale pakona apo, pampu iyang'ane kutsogolo.”

“Adadi, ndili ndi manja awiri okha. Nanga nsomba tiikamo ziti?”

“Tiwiri talalanje ta mizere yoyera tija, kankhanu kamodzi, ndi nkhono zonyambita galasi. Basi. Ukawonjezera pamenepo, madzi amaipa, zonse n'kutha.”

“Nanga mkazi mnzanga?” ndinafunsa ine, pakamwa panga pajatu sipatsekeka.

A Wendell anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale.

Yankho ankalidziwa kuposa munthu wina aliyense mumzinda muno. M'bungwe la oweta nsomba za m'nyanja anali munthu woopedwa, ndipo chimene ankadana nacho kwambiri ndi munthu woika tang m'thanki yaing'ono. Nsomba imeneyi imafuna mtunda woti ithamange tsiku lonse. Wina akangoonetsa chithunzi cha kathanki kake muli tang, a Wendell ankaimirira pamsonkhano: “Iwe, pita ukagone m'bafa chaka chathunthu, ukabwere udzatiuze mmene msana ukumvera!” Ena ankaseka, ena osabweranso. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anayesa kuimbira anzawo a m'bungwemo. Aliyense wa thanki yaikulu anali kale ndi tang wake, ndipo awiri akakumana amachekana ndi kaminga kakuthwa kamene ali nako kumchira. Nsomba zina zonse zinapeza kopita. Bernice anatsala yekha m'thanki yaikulu ija, tsiku losamuka likuyandikira.

Apa ndiye a Wendell anayamba kunenerera ngati ali pamsika.

“Lorraine, bwanji tikachotsa mwala waukuluwu m'thanki yatsopanoyi? Malo achuluka.”

“Achuluka bwanji, kathanki kake komweka?”

“Talalanje tija titisiye. Akhale yekha. Madzi ndizisintha pafupipafupi.”

“Ndowa yake muzinyamula ndinu, ndi mwendo umenewu?”

“Uzindithandiza iwe. Komanso wakalamba, sathamanganso ngati kale.”

“Wakalamba ndani, Bernice kapena inu?”

Sanaseke. Anangotambasula chikhatho chawo pagalasi, n'kuchisuntha, n'kuchisunthanso, thanki n'kuthera pomwepo. Ndinamva chisoni moti ndinalakalaka ndikanameza mawu anga. Munthu amene ankadzudzula mzinda wonse anali kundiyang'ana ine, amene sindisiyanitsa pampu ndi hita, kuti ndimuuze kuti zitheka.

“Yesani,” ndinatero.

Tsiku losamuka, Bernice anayenda m'ndowa, ndowayo ili pakati pa miyendo ya a Wendell. Titamuthira m'thanki yatsopano anathamanga kamodzi, mphuno n'kugunda galasi. Anatembenuka, n'kugundanso mbali ina. Kenako anayamba kukwera ndi kutsika pakona imodzi yomweyo, kukwera, kutsika, osapuma.

“Azolowera,” anatero a Wendell.

Mawa lake anamiza zala ndi ndere. Bernice sanayang'aneko n'komwe. Mkono unakhala m'madzi mpaka unatopa, iwo n'kusinthira mkono wina. Patapita masiku, chikasu chija chinayamba kutuwa ndipo mimba inalowa. A Wendell anasintha madzi, ine ndikunyamula ndowa ndikung'ung'udza. Anatembenuza pampu, anachepetsa kuwala kwa nyale, anachotsa mwala wina. Anandituma adyo woti afinyire pandere kuti mwina fungo limukope. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu.

Ine ndinasowa mtengo wogwira. Ndikanena kuti nsombayi ikufa, ndiwapweteka. Ndikakhala chete, ifa ndithu. Ndinkaphika, iwo n'kumangotosatosa mbatata ndi foloko, maso ali pakona paja. M'nyumba yaing'ono mulibe kothawira: ukakhala pasofa thanki ili pamaso, ukapita kukhitchini ukumva pampu.

Tsiku lina masana ndinawapeza atakokera mpando pafupi, chipumi atachigunditsa pagalasi.

“Akanakhala wina wachita zimenezi,” anatero osanditembenukira, “ndikanamutukwana pagulu.”

“Ndikudziwa.”

“Muimbire Gretchen. Umuuze kuti za dokotala wake wa mano uja ndavomera.”

Nkhani ya dokotalayo Gretchen anali ataitchulapo kale, bambo ake n'kuikana kwamtuwagalu. Dokotala Lindqvist ali ndi thanki yodzaza khoma lonse m'chipinda chodikiriramo odwala, mulibe tang, ndipo pali munthu amene amabwera kudzaisamalira. A Wendell ankati nsomba yawo si chidole choti ana olira azimenya galasi lake. Komanso n'kutali, kutsidya kwa mlatho, ndipo iwo galimoto anawaletsa kuyendetsa.

Tinapita atatu. Wosamalira thankiyo anafuna kulandira ndowa, a Wendell n'kukana. Anakhala pampando n'kumathira okha madzi a m'thanki yaikuluyo m'ndowa pang'onopang'ono ndi kapu, kuti Bernice asadzidzimuke ndi madzi achilendo. Odwala ankatiyang'ana, wina atagwira tsaya. Kenako anamukweza m'kabakuli, ine nditawagwira lamba kumbuyo kuti asagwe, n'kumutsitsira m'madzi.

Bernice anaima kanthawi. Kenaka anawongoka, ulendo wa kumapeto kwa khoma, n'kubwerera, n'kupitanso. Posakhalitsa anayamba kujompha ndere pamiyala.

“Wadya! Adadi, taonani, wadya!” anakuwa Gretchen.

“Ndaona.”

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa ka ndere zouma. Anamiza zala monga mwa masiku onse, n'kudikira. Zinabwera nsomba zina, zabuluu, zamizeremizere, n'kumalimbirana. Bernice anadutsa pafupi, wosaima, ali pa liwiro lake. Anadutsanso kachiwiri. Ndere zinatha, a Wendell n'kutulutsa dzanja, madzi akutsikira m'mkono wa malaya.

Nsomba inali bwino, ndipo chimenecho n'chimene tinadzera.

“Tiyeni adadi, magalimoto achuluka pamlatho,” anatero Gretchen.

A Wendell anakoka mwendo wawo kulunjika pa tebulo la mtsikana wolandira odwala.

“Mwanawe, malo odikirirawa amakhala a ndani?”

“A odwala athu, bambo, amene alembetsa kuti aonane ndi adokotala.”

“Ndilembe. Sabata yamawa.”

“Chabwino. Likuvuta ndi dzino liti?”

A Wendell anacheukira kuthanki kuja. M'kamwa mwawo mulibe dzino lawo ndi limodzi lomwe, onse ndi oikirira, amagona m'kapu. Mtsikanayo anadikira, kenako anayang'ana ine.

“Ingolembani kuti onse,” ndinatero.