Galu Anadya Nsapato ya Ababa

Nthawi yopuma, mayi wothandizira aphunzitsi m'kalasi ya ana aang'ono anali kupukuta bolodi pamene anamva ana akusewera zasukulu kuseri kwa zenera. Mtsikana wina wolongolola ankatsanzira iyeyo, dzanja lili m'chiuno, khosi atapendeketsa.

"Ukufuna kunena kuti pensulo? Eya, pensulo! Wakhoza!" anatero mtsikanayo, mnzake asanatsegule n'komwe pakamwa.

Mayiyo anaseka mpaka misozi, kenako anasiya kupukuta bolodi lija. Anakumbukira Kadontho, mtsikana wachibwibwi amene iye ankamuthandiza tsiku lililonse. Kodi analola liti kuti mwanayo amalize yekha mawu ake?

Belu litalira, anakokera kampando pafupi ndi Kadontho n'kumuonetsa chithunzi cha galu.

"Ga... ga... ga..."

Mayiyo anafuna kumumalizira monga mwa masiku onse, koma analuma mlomo, manja atapanikiza pakati pa mawondo. Kadontho anamuyang'ana modabwa, n'kukoka mpweya.

"Ga-galu wathu anadya nsapato ya ababa, ndiye ababa anapita kuntchito atavala patapata!"

Kalasi yonse inafa ndi kuseka.

Poweruka, mayiyo anathamangira aphunzitsi a kalasiyo pakhonde, ali wefuwefu.

"Madamu, munamumva? Chiganizo chonse, yekha! Komanso kwawo ali ndi galu, ine osadziwa! Mawa muzindiyang'ana. Ndikangoyamba kumulankhulira, mugogode patebulo."

"Ndigogoda," anatero aphunzitsiwo akuseka, "koma inenso muzindigogodera. Matendawa tili nawo tonse."