Zilembo Zopanda Penti

Alamu anapukutanso kachitatu, nsanza n'kutuluka ndi penti yonse yofiira. Zilembo zinatsala mbee ngati poyamba.

Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wa amake mapasa. Malemuyo anali wozokota zikwangwani za aluminiyamu, ndipo anasiya chimodzi atazokota kale dzina ndi chizindikiro cha sitolo ya mankhwala, chikungodikira penti. Mwini sitoloyo anali kubwera masana omwewo. Alamu, mng'ono wa malemu, anali atalengeza pamaso pa abale kuti shopu aitenga iwo, poti ntchito yotere mkazi sangaithe. Kiyi anali kale m'thumba mwawo, ngakhale chibadwire anali asanathirepo penti m'chilembo.

Amake mapasa anaima pakhomo mtima ukuwawa. Shopuyo ndiyo inkadyetsa ana awo.

"Penti yachabechabe iyi," anadandaula alamu.

"Penti ilibe mlandu, alamu. Nsanza ndi yofewa, imalowa m'zilembo n'kukolopa zonse. Tandipatsaniko malo."

"Mlamu, uku si kupaka milomo ayi."

"Chikandikanika, kiyi ndi wanu. Sindidzatsegulanso pakamwa."

Alamu anaseka n'kusendera pambali. Amake mapasa anatsuka chikwangwanicho, n'kukoka penti mu jakisoni wopanda singano. Anatsata ngalande ya chilembo chilichonse mpaka itadzaza n'kusefukira pang'ono, yofiira m'dzina, yobiriwira m'tsamba la chizindikiro. Thovu likatuluka ankalibaya ndi phini. Atatha anakhala pansi n'kupinda manja.

"Mwatopa kale?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

Penti itayamba kumata, anakulunga pepala pa kathabwa kosalala, n'kulinyowetsa pang'ono ndi mafuta osungunulira penti. Anakoka kamodzi kokha, mosapanikiza. Ya pamwamba yonse inachoka, ya m'kati inatsala. Dzina linaonekera psuu, m'mbali mwake muli mwaa.

Mwini sitolo atafika anachipendeketsa padzuwa, akuyang'ana chilembo ndi chilembo.

"Pepani ndi zovuta, mayi. Ndimaopa kuti luso lapita ndi bambo, koma dzanja ndi lomwe lija. Mundikonzerenso ziwiri za pazitseko."

Atachoka, alamu anakanda m'mutu, anapisa m'thumba n'kuika kiyi pafupi ndi chitini cha penti. Amake mapasa anamva chimwemwe choyamba chichitikireni maliro, ndipo sanachibise. Anamwetulira mpaka mano a m'mbali.

Alamu anadziwongola akusisita msana.

"Koma tebulo ili ndi lotani? Achimwene ndi kutalika kuja ankagwirira ntchito pamenepa?"

"Miyendo anaidula okha, chaka chimene tinakwatirana. Ankati wofunika kuona bwino ndi ine wothira penti, iwo akhoza kuwerama."

"Zaka zonsezi?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Msana ukawapweteka ankanamizira matiresi."

Alamu anagwada n'kupapasa mwendo wa tebulo, pamene sowo inadutsa mokhota.

Amake mapasa anatenga chikwangwani china pa shelefu n'kuchiika patebulo. Alamu anaimirira, aatali ngati mkulu wawo. Kenako anawerama, n'kuchigwira mbali zonse ziwiri kuti chisasunthe.