Beseni la Hedimasitala

1.
M'kati, ankatero Mwandida.
Panja, ankatero amuna ake, a Maseko.
Mabanja ena amakangana za mowa, ena za foni. Iwo ankakangana za malo amene njoka iyenera kudyera.

2.
Njokayo ndi chakusa, yofiirira, yopanda ululu. A Maseko anailanditsa kwa ana amene ankaigenda kuseri kwa kalasi, pa nthawi imene ankaphunzitsa sayansi ku Zomba kuno. Anaikhomera bokosi lagalasi, analiika pabalaza, njokayo n'kuitcha Hedimasitala, chifukwa imayang'ana munthu osaphethira ngati ikudziwa mlandu wake.

3.
Maganizo a a Maseko: ukamaidyetsa m'bokosi mwake, izolowera kuti chitseko chikatseguka ndiye kuti kwabwera mbewa. Tsiku lina chala chako chidzakhala mbewa. Komanso imeza utuchi. Idyere panja, m'beseni.
Maganizo a Mwandida: njoka yokhuta sinyamulidwa, imasanza. Inuyo aphunzitsi, wina atakunyamulani mutangokhuta n'kukakuikani pabedi, mungamve bwanji?
Ndingathokoze, ankayankha a Maseko.

4.
Beseni limafuna anthu awiri. Wina anyamule njoka n'kugwira mbaniro za mbewa. Wina agwire chivundikiro cha waya. Kenaka onse akhale pansi, adikire mpaka mchira wa mbewa utalowa, adikirenso njoka ipume, asanaibweze. Kudikirako n'kwautali. Mwandida ankagwira chivundikiro uku akudandaula. Ankadandaula za beseni, kenaka za makasitomala ake a zosoka, kenaka za denga lodontha, kenaka ankapezeka akuseka.

5.
Sitiroko.

6.
Zimene zinawachokera a Maseko: dzanja lamanja, mwendo wamanja, mawu onse.
Zimene zinatsala:
maso
dzanja lamanzere
njala
mkwiyo
mpando wa pafupi ndi bokosi lagalasi

7.
Mwandida anachotsa makina ake osokera kumsika n'kuwaika pakhonde, kuti azimva a Maseko akagogoda mpando. Beseni anakalikoloweka kubafa. Tsiku la chakudya anatsegula bokosi, anatsitsiramo mbewa yakufa, anatseka. Njoka inadya bwinobwino. Sinalume, sinameze utuchi, sinasanze.
Mwaona aphunzitsi? M'kati.
A Maseko anatembenuzira nkhope kukhoma.
Mwandida anapambana mkangano wa zaka zonsezo. Anakhala pamakina, osaponda.

8.
A Edesi, mlongo wawo wa a Maseko, anafika kuchokera ku Ntcheu ndi thumba la mbatatesi ndipo asanakhale n'komwe pansi anayamba kuti mlamu musandimve molakwa mwayesetsa tonse taona koma abale takhala pansi tagwirizana achimwene apite kumudzi kumene kuli manja ambiri kuno akuchitanji tsiku lonse kuyang'anizana ndi chinjoka anthu akutiseka ena akuti n'chimene chawayamwa mphamvu ine sindikutero ayi ndikungonena zimene anthu akunena munthu wosatha ngakhale kumanga batani safunika m'tauni galimoto ibwera Loweruka inu muzisoka mwaufulu muzibwera kudzawaona ndiponso mbewa zabwinobwino zonona chonchi mukupatsa njoka pamene anthu akuima m'misewu kuzigula

9.
Mwawafunsa eni ake? anatero Mwandida.
Ayankha bwanji? anatero a Edesi.
Onse anali ataima pamaso pa a Maseko.

10.
Loweruka m'mawa. Chikwama cha a Maseko chili pakhomo, a Edesi achilongedza okha. Galimoto yaima pageti, dalaivala akupukuta galasi.
Mwandida akutuluka kubafa ndi beseni. Akuliika pakati pa balaza, pamphasa yoyera imene a Edesi amapemphererapo.
Lero ndi tsiku lake lodya, akutero.
Si paja mumaidyetsa momwemo? akufunsa a Edesi.
Lero idyera panja. Alamu, tagwirani chivundikirochi.
Ine? Muyambe mwandiika m'manda.
Adalaivala, tabwerani mundithandize.
Ndili bwino konkuno, mayi, akuyankha dalaivala ali kuseri kwa galimoto.
Beseni limafuna anthu awiri, akutero Mwandida. Sakuyang'ana aliyense. Akukokera beseni kumapazi a a Maseko.

11.
Dzanja lamanzere.
Likutsika. Likuphonya. Likutsikanso.
Lagwira chivundikiro.

12.
Mwandida anatulutsa njoka, yozizira, yolemera ngati chingwe chonyowa, n'kuigoneka m'beseni. Anagwedeza mbewa pambaniro. Njoka inagwira, inakulunga. Chivundikiro chinaterera, mutu wa mbewa ndi wa njoka zinaonekera m'mphepete, ndipo a Edesi anapezeka ataima pasofa, nsapato zili kuphazi. Mwandida sanatambasule dzanja. Manja ake anawapanira pakati pa mawondo mpaka zala zinachita dzanzi. A Maseko anapuma mwamphamvu, dovu likutsikira pakolala, n'kukankha chivundikiro pang'onopang'ono mpaka chinakhala pamalo pake.

13.
Hutala pageti.
Achimwene, nthawi yatha, anatero a Edesi.
Sangachoke, ali pa ntchito, anatero Mwandida.
Ikamaliza kudya?
Iyenera kupuma.
Ikapuma?
Sabata yamawa idzamvanso njala. Sabata inayo chimodzimodzi. Inu mwakana, adalaivala akana. Ndani azindigwirira?

14.
A Edesi anatsika pasofa. Anazungulira beseni patali, anagwada pambali pa mpando, n'kupukuta dovu la mlongo wawo ndi nsonga ya chitenje.
Achimwene, ndikufunsa inuyo. Tipite kumudzi?
A Maseko anawayang'ana osaphethira. Kenaka anaweramitsa mutu, n'kukanikiza chivundikiro mpaka waya analira.
A Edesi anadzuka.
Mwakhala wamakani chibadwire, anatero. Mbatatesi ndazisiya kukhitchini. Musapatse njoka.
Galimoto inanyamuka ndi munthu mmodzi. Chikwama chinatsala pakhomo.

15.
M'kati ndimo moyenera, anatero Mwandida atakhala pansi, phewa lake litatsamira bondo lakufa lija. Musaganize kuti mwapambana.
Mchira wa mbewa unali usanalowe.

16.
Kale, sitiroko isanabwere. Mwandida anakhala ku Kasungu dzinja lonse, kudwazika mayi ake. Atabwerako anapeza Hedimasitala atanenepa, akunyezimira. Anapita kubafa kukasamba. Beseni linali pamsomali pamene analisiya, kangaude atamangamo nyumba, fumbi lili mbuu.
Analiyang'ana nthawi yaitali.
Analitsuka, analipukuta, analikolowekanso.
Madzulo a Maseko anati, lero ndi tsiku lake lodya, tatengani beseni lija.
M'kati, anatero Mwandida, akudzuka kukalitenga.