Mtovu Kuseri kwa Mpanda

Edna Kayira ankaphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina yaing'ono ku Area 36, koma ankakhala ku Chinsapo ndi mlongo wake Thumbiko. Ntchito ya kugalaja itamuthera, Thumbiko anayamba kugula mabatire akutha a galimoto. Ankawaswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kukhuthulira pansi, mtovu wa m'katimo n'kusungunula pa mbaula kuti akagulitse. Edna anamuletsapo kamodzi, mosalimbikira. Chiyambireni ntchitoyi mnyamatayo anali atasiya mowa, ndipo Edna ankaopa kumubwezera komweko.

Kuseri kwa mpanda wawo wa udzu kunkakhala Hafsah, mayi wosoka zovala, ndi kamtsikana kake Salama. Mvula ikagwa, madzi a kwa a Kayira ankadutsa pansi pa mpandawo n'kukaima pafupi ndi chitsime cha Hafsah, pomwe Salama ankakonda kuumba zidole zadothi.

Mwanayo anayamba kudandaula m'mimba. Anasiya kudya, ankangolira, manja ake n'kuyera mbee. Kuchipatala malungo sanawapeze. Loweruka lina Hafsah anabwera ndi botolo la madzi a m'chitsime, n'kupempha kuti aphunzitsi akawayeze kusukulu, poti iye ankakayikira chimbudzi cha anthu a kumtunda. Edna analandira botololo. Pomuperekeza anawerama pamalo osewerera aja, n'kutapa dothi m'kajumbo osanena chifukwa chake.

Lolemba ana ataweruka, Edna anatsalira mu labu ya pasukulupo. Anayamba ndi madzi. Atathiramo asidi pang'ono ndi bariyamu kolorayidi, madziwo anachita mbuu ngati mkaka wosukulutsa. Imeneyo inali salifeti. Anadziuza kuti zitsime zambiri zimakhala nayo, ngakhale ankadziwa kuti asidi wa m'batire ndiye mwini wake wa salifetiyo. Anayesanso kufufuza mtovu m'madziwo, koma sanaone kanthu.

Kenako anaviika dothi lija mu asidi wosungunula, n'kusefa, madzi akewo n'kugawa m'timachubu tagalasi. M'koyamba anadonthezamo sodiyamu hayidirokisayidi. Munachita nsenga zoyera, zomwe zinasungunuka atawonjezera mankhwalawo. Izi zinkatanthauza zinki, aluminiyamu kapena mtovu. M'kachiwiri anathira amoniya, ndipo nsenga zoyerazo sizinasungunuke ngakhale anathira wambiri. Apa zinaoneka kuti si zinki. Edna anaima kaye, akupemphera chamumtima kuti ikhale aluminiyamu, poti dothi lililonse limakhala nayo.

Anatenga potaziyamu ayodayidi. Dontho litangogwera m'kachubu kotsiriza, munatuluka nsenga zachikasu zowala. Chaka ndi chaka ana a Fomu 4 ankasangalala akaona mtundu umenewu. Iye anangokhala pansi, kachubuko kali m'manja. Unali mtovu, ndipo kuti uoneke msanga chonchi, unali wambiri.

Atafika kunyumba anapeza Thumbiko akukoleza mbaula. Anamuuza zonse mosazungulira. Mnyamatayo anakana kaye, nati anthu ambiri m'tauni muno amaswa mabatire ndipo palibe amene wafa. Kenako anayamba kuchonderera kuti achotsa dothilo yekha mwakachetechete, bola Hafsah asamve.

"Achemwali, mukanena, anthu kuno andiwotchera zinthu zanga. Ndiye ndidzapita kuti?"

"Mwana uja amadya ndi manja a dothi limenelo," anatero Edna. "Adokotala akufunafuna malungo chifukwa palibe amene wawauza."

Edna anakapeza Hafsah ali pamakina osokera, Salama atagona pamphasa pambali pake. Anafotokoza za dothi, za mabatire, ndiponso kuti mwanayo akufunika kuyezedwa magazi kuti aone ngati muli mtovu. Hafsah anasiya kupalasa makinawo n'kufunsa ngati madzi a m'chitsime ali bwino. Edna anavomera kuti sakudziwa: mayeso a kusukulu amaona mtovu ukachuluka, pamene wochepa kwambiri, womwe ungapwetekebe mwana, sauona.

"Inuyo mumadziwa kuti zinthu zimenezi n'zoopsa?"

"Ndimadziwa, Amayi a Salama."

Hafsah sanakalipe. Anabereka mwana wake n'kulowa m'nyumba.

Magazi anakayezedwa patapita nthawi, atawatumiza uku ndi uku, ndipo mtovu unapezeka. Salama anayamba kulandira mankhwala. M'mimba munaleka, koma adokotala anati za mutu wake zidzadziwika akadzayamba sukulu. Hafsah anasamukira kwa achimwene ake ku Area 24 osatsanzika.

Thumbiko anakumba dothi la mbali zonse ziwiri za mpanda n'kuliika m'matumba. Matumbawo anangowaunjika pakona atawafunditsa pepala lapulasitiki, chifukwa iye ndi Edna yemwe sankadziwa kokawataya kopanda ana. Atamaliza, Thumbiko anapita kukagona kwa anzake ku Mgona, ndipo foni yake inasiya kupezeka.