Makina Amodzi, Eni Ake Anayi

Munthu akamanena kuti achinyamata ndife aulesi, ine mtima umandiwira. Ulesi wake uti? M'chaka cha 1998, ine Misozi ndinayenda wapansi miyezi isanu ndi umodzi kupita pa Namitambo kukaphunzira utelala pa pulojekiti yothandiza achinyamata osowa ntchito. Apo n'kuti satifiketi yanga ya fomu folo itagona m'sutikesi zaka ziwiri, mphemvu zikuiwerenga.

Atsibweni anga, a Jeremiah, anali atandipezera kale ntchito ya m'nyumba ku Limbe.

"Iwe Misozi, fodya wako ndi uyo ali pamphuno," anatero. "Za mawamawazi zisiye. Mvula ikagwa usanayambe kusoka, ukukwera basi."

Ine Limbeyo sindinkamufuna. Ndinali nditaona anzanga akubwerako manja atang'ambika ndi sopo, ena ndi mimba zopanda eni ake. Ndinkafuna khonde langa pamsika ndi makina anga, basi.

Tsiku lolandira makina linafika mu Seputembala. Kunali tenti, ng'oma, ndi lole itanyamula makina osokera a pamanja makumi awiri. A Kalinde, mkulu wa pulojekitiyo, anavala suti ya bulauni dzuwa likuswa mtengo. Mlendo wolemekezeka analankhula mpaka tinaiwala chimene tinabwerera. Atandiitana ndinagwada, ndinalandira, wojambula n'kutithwanimitsira kamera, amayi anga nthungululu. Bokosi langa linali lobenthuka pakona, koma kwa ine linali lokongola kuposa onse. Zolankhula zili m'kati ndinapendeketsa makinawo n'kukanda chilembo cha M pansi pake ndi singano. Ndinapezapo zilembo zina ziwiri, F ndi T, ndipo ndinangoti ndi za kufakitale.

Fumbi la galimoto ya mlendo lisanatsike, a Kalinde anaomba m'manja.

"Bwezerani makinawo pa lole. Tikawalembe manambala ku ofesi, mudzatenga sabata yamawa."

Tinakweza tokha, tikuimba nyimbo yothokoza. Zitsiru ife!

Sabata yamawayo inasanduka mwezi. Ku ofesi ndinapitako kanayi. Tsiku lina abwana atuluka, lina makiyi apita ndi munthu ku maliro. Mabingu anayamba kugunda cha ku phiri, ndipo atsibweni anayamba kundifunsa ngati chikwama changa chili ndi zipi.

Lachinayi lina ndinapita pa Njuli kukagulitsa nandolo. Ndinamva ng'oma kubwalo, ndinati ndikasuzumire. Tenti yomwe ija, lole yomwe ija, a Kalinde ndi suti yawo ya bulauni. Chosintha anali mlendo yekha. Pa tebulo panali makina makumi awiri, ndipo achinyamata a pa Njuli anali pamzere akumwetulira monga tinkamwetulira ife. Ataitana mtsikana wina dzina lake Ellina, anamupatsa bokosi lobenthuka pakona.

Dengu la nandolo sindikudziwa kuti ndinalisiya pati. Ndinadutsa pakati pa ovina, ndinafika pamaso pa mlendoyo n'kugwada, poti kwathu anandilera.

"Pepani bwana. Makina mukuperekawa anandipatsa kale ine pa Namitambo."

"Ameneyu mutu wake suyenda bwino, m'chotseni!" anakuwa a Kalinde.

"Mutu wanga ukuyenda, a Kalinde. Chimene chikuyenda kwambiri ndi makinawa. Achemwali, tapendeketsani muone pansipo."

Ellina anapendeketsa. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani: "F. T. M."

"M ameneyo ndine," ndinatero. "Enawo sindikuwadziwa, koma nawonso anagwada chonchi, amayi awo n'kuluta nthungululu. Mwatiyesa zidole zojambulitsira zithunzi, eti?"

Ng'oma zinaleka. Achinyamata ena anayamba kupendeketsa awo, ndipo wina anapeza mtanda, wina dzina lathunthu. Mlendo uja anayang'ana wotchi yake ngati ndiyo yalakwa. A Kalinde anayamba kufotokoza za ndondomeko, mawu ataliatali opanda kanthu m'kati, koma ine ndinatembenukira kwa achinyamata a pa Njuliwo.

"Akakuuzani kuti mukweze pa lole, musayerekeze. Senzani pano pomwe!"

Ndinavula mpango, ndinapinda nkhata. Apo ndipo ndinaona kuti Ellina sanasiye chogwirira cha bokosilo. Maso ake anali atadzaza misozi, ndipo mkwiyo wanga unasowa polowera. Iye analakwanji? Nayenso anayenda miyezi yake isanu ndi umodzi.

"Ndiye ine ndipita chimanjamanja?" anandifunsa.

"Ndisenzetseni, achemwali. Ndikatopa musenza inu."

Tinadutsa pamaso pa tenti yonse. Palibe anatigwira, chifukwa wotigwira akanayenera kufotokoza zilembo zija pamaso pa wojambula. M'mbuyo mwathu mabokosi khumi ndi asanu ndi anayi anali pamitu, ndipo lole inabwerera yopanda kanthu. Anzanga a ku Namitambo sanaone makina awo mpaka lero, ndipo zimenezo zimandiwawabe.

Mvula inagwa ine ndi Ellina tili pakhonde pa Njuli, tikusinthana kusoka mayunifolomu a ana a sukulu, wina akudula wina akupukusa. Atsibweni anangoti, "Hm," n'kundipatsa buluku lawo kuti ndiliike chigamba.

Koma zilembo ziwiri zija sizinkandipatsa mtendere. T sindinamupeze. F ndinamufunsafunsa mpaka munthu wina anandilozera nyumba ya kwawo ku Mikolongwe. Dzina lake anali Fiona. Amayi ake anandionetsa chithunzi chili pakhoma: mtsikana atagwada, akulandira bokosi lobenthuka pakona, mano onse pamtunda.

"Ali kuti?" ndinafunsa.

"Anadikira mpaka anatopa, mwanangu. Ali ku Limbe, akutsuka mbale."