Ketulo Yopanda Chogwirira

Chiikireni maliro a mayi wotsuka mbale, Ndayenda sankathanso kulowa m'khitchini ya lesitilanti yake yomwe. Akangofika pakhomo, ankamva chivundikiro cha ketulo yakale chikulira pashelefu, ngwe ngwe, chonsecho palibe amene waikhudza.

Dzina la Ndayenda anamupatsa ndi antchito ake. Munthuyu anayamba n'kugulitsa tiyi pasiteji ya basi, kenaka anakwera sitima, anakwera ndege, anakadya m'mahotela oti mafoloko amabwera atatuatatu. Chiganizo sichinkatha pakamwa pake asanatchule ulendo.

Ketulo ija inali yopanda chogwirira, ndipo sinkaona moto. Kasitomala akasiya kangachepe pambale, woperekera zakudya ankakaponya m'menemo. Loweruka ankagawana onse, ndi a kukhitchini omwe, amene odya sawaona nkhope. Lamulo lawo linali limodzi: wodwala ayambe watapa.

"Zachikale izo," anatero Ndayenda atabwerako kuulendo wina. "Kunja ndalama yothokozera antchito amailemberatu pabilu. Ndayenda ine."

"Nanga izifika liti kwa ife, bwana?" anafunsa wophika wamkulu.

"Tiyambe tagulira mipando yatsopano. Malo akakongola, nanunso mukongola."

"Ndiye kuti ana anga azikazinga mipando," anang'ung'udza wophikayo uku akutembenuza nyama.

Makasitomala ataona pabilu kuti athokoza kale, analeka kusiya kanthu pambale. Ketulo inauma. Mipando inabwera, yofiira, yofewa ngati chifuwa cha nkhunda. Mayi wotsuka mbale uja, amene ankagula mankhwala ake a shuga ndi za m'ketulomo, anayamba kumwa modumphitsa masiku. Sanadandaule kwa munthu. Tsiku lina masana anagwa pasinki, manja ali thovu lokhalokha.

Maliro atapita, namwino wina amene ankakonda kudyera pamalopo anamaliza chakudya chake n'kuitanitsa mwini malowo.

"Mayi wotsuka mbale uja anatsirizikira m'manja mwanga kuchipatala," anatero motsitsa mawu. "Anandiuza kuti ketulo inauma. Ndinadabwa, poti ine ndikadya ndimalipira iyi." Analoza mzere wa pabilu. "Bambo, ndalama iyi si yanu. Ndipo ngakhale mutaipereka yonse, ndi yongowonjezera chabe. Wodwala shuga sangadikire chifundo cha odya. Mankhwala ake amayenera kuchokera m'malipiro ake."

Maso a Ndayenda anali pampando wofiira umene namwinoyo anakhalira.

Lolemba lotsatira lole inabwera kudzanyamula mipando yonse yofiira, ndipo yakale inatuluka mosungira katundu ili fumbi lokhalokha. Ndayenda analowa m'khitchini. Anauza antchito kuti malipiro akwera kuyambira mwezi womwewo, ndi kuti ya pabilu izipita kwa iwo yonse. Kenaka anatsitsa ketulo ija n'kuthiramo ndalama zonse zimene anapeza atagulitsa mipando yofiira ija.

"Gawanani monga mwa lamulo lanu," anatero.

"Wodwala ayambe watapa," anatero wophika wamkulu mwachizolowezi.

Palibe anasuntha. Onse anacheukira kusinki.

Mpaka lero bizinesi ikuyenda, antchito sathawa, koma Ndayenda akamadutsa pashelefupo amagwira chivundikiro chija ndi dzanja kuti chikhale chete.

Phunziro: Ndalama yothokozera ndi ya amene anagwira ntchito, ndipo siilowa m'malo mwa malipiro okwanira. Ipatseni mwini wake akadali moyo.