Bulugamu wa Kuseri kwa Chipinda Changa

"Mtengo umodzi masiku atatu, ba Wilbroad? Kodi mukudula ndi lezala?"

"Nanga ugwere kuti, amayi? Uku kuli mpanda wanu, uko malata a aneba, pamwambapa mawaya a magetsi. Sankhani chimodzi, tiugwetserepo manje manje."

Amayi anangotsonya n'kulowa m'nyumba. Ba Wilbroad, mkulu wa odula mitengowo, anakweza maso kuyang'ana bulugamu wathu, amene mizu yake inali itang'amba khoma la chipinda changa.

Sukulu ndinali nditamaliza chaka chathacho, ndipo ku Chelstone kwathu masiku sankayenda. Ine kudikira ndimadana nako, kaya ndi minibasi, kaya ndi madzi a tiyi kuti awire. Koma nditaona Musonda, wokwera wawo, akumanga lamba m'chiuno n'kuponya chingwe pa nthambi, ndinalakalaka masikuwo akanakhala khumi.

Anayambira kunsonga. Nthambi iliyonse ankayamba waimanga, kenako sowo ya injini inkalira, ndipo nthambiyo m'malo mogwa inkatsika pang'onopang'ono, ikuzungulira ngati ili m'tulo, ba Wilbroad akumasula chingwe pansi. Utuchi unkawaza pabwalo ngati mvula yopanda madzi. Ponseponse pankamveka fungo lija la masamba amene amayi amatifukiza tikadwala chimfine.

"Tamverani, ba Kasuba," anatero ba Wilbroad atandipeza nditatsamira pawindo. "Munthu akakhala m'mwamba, womulankhula ndine ndekha. Mawu amatembenuza mutu, ndipo mutu ukatembenuka dzanja limatsatira."

Ndiye ndinkangomulankhula mumtima. Ndinkamufunsa ngati kumeneko mphepo imakoma, ngati nyumba zazitali za m'tauni zimaoneka, ngati anthu timachepa mpaka kufanana tonse.

Tsiku lachiwiri mtengo unalibenso mutu. Musonda anayamba kudula thunthu m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chikatsika iyenso ankatsikako pang'ono. Pofika masana ndinkatha kuona thukuta pakhosi pake. Apa m'pamene ndinachita mantha. Kuyandikira kwakeko kunali kuchoka kwake, ndipo zonse zimene ankaona kumwambako zinkatha limodzi ndi mtengo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugona pansi pa bulugamu ameneyu, osadziwa zimene iye amaona.

Pakamwa panatseguka pokha.

"Ba Musonda, mukuonako chiyani?"

Anacheuka. Sowo inapatuka pamzere, chipika chinapendekera kolakwika, chingwe chinalira m'manja mwa ba Wilbroad. Chipikacho chinayenda m'malere n'kukaphwanya mphika wa maluwa wa amayi, kenako chinangolendewera, chikugwedezeka.

Ba Wilbroad sanakuwe. Anatsitsa chipikacho bwinobwino, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Lero ndi mphika," anatero. "Lowetsani mutu m'nyumba, mutseke windo."

Ndinatseka. Tsiku lachitatu lonse ndinamvera sowo kudzera m'galasi, ndikukonza mawu oti ndimuuze. Anali mawu okongola, okhudza maso ake ndi mitambo. Ndinawabwereza mpaka anayamba kundinyansa.

Cha m'ma folo sowo inatonthola. Nditatuluka ndinapeza kumwamba kwakula modabwitsa, dzuwa likuwomba malo amene silinawombepo chibadwire changa. Panatsala chitsa chachikulu ngati tebulo. Musonda anali atakhalapo, akukulunga chingwe pachigongono. Pansi pano anali wamfupi kuposa mmene ndinkaganizira, utuchi uli mbuu m'nsidze.

"Pepani za dzulo," ndinatero.

"Shani, ba funso," anandilonjera akuseka. "Mufuna yankho? Nikagwila sowo niona chabe nthambi ili pamaso panga. Wokwela akayamba kuyang'ana tauni amafika pansi mwamsanga."

"Basi?"

Anasiya kukulunga.

"Koma nikazima injini kuti nipume, ndege zimatsika monga zibwela kuli ine. Ndipo mtengo umayenda. Pansi apa simungadziwe. Kumwamba umayenda monga bwato."

Ba Wilbroad anali atakweza kale zipika m'lole, injini ikulira pageti.

"Iwe Musonda, apatse nambala yako tiyende. Masiku atatu mwana wa eni akuuma pawindo."

Musonda anayang'ana pansi, akupisa m'thumba kufuna foni. Mawu anga okongola aja anali okonzeka palilime. Koma maso anga sanali pa iye. Anali pa lamba uja, ali pachitsa, zitsulo zake zikunyezimira.

"Mawa mukadula kuti?" ndinafunsa.

"Ku Kabulonga. Jakaranda mukulu, wagonela pa galaji."

"Mudzanditenge," ndinatero, mokweza kuti ba Wilbroad amve. "Ndiyambira kukoka nthambi, ndikhala chete mmene mufunira. Koma ine ndikufuna kukwera."